Zimene NyaZimba Anafuula M'khoti

Lolemba, 1 Ogasiti 1994

Kope ili andipatsa ndi a Haswell Nyirongo, aTicha opuma aja a pa Mwase. Akuti, "Adada Mtonga, mukakumbukila kanthu ka mlandu uja muzilemba, ndidzatenga." Ndayankha kuti yewo. Koma kopeli sadzaliona. Dzanja langa ndi la khasu. Zilembo ndinaziphunzira nditamera kale imvi, ku kalasi ya akuluakulu kutchalitchi, ndipo anatiphunzitsa Chinyanja cha m'mabuku a mapemphero, Chitumbuka changa sindidziwa kuchigoneka papepala. Tsamba limodzi limandidyera m'mawa wonse. Ndiye thukuta lotere ndipatse munthu wina?

Mlandu wake ndi uwu, ndiulembe kamodzi ukhale. Mu 1956, nthawi ya azungu, kapitawo wa zamalimidwe amene ankatikakamiza kukumba migula anapezeka atafa kudambo. Anatigwira awiri, ine Ezron ndi mkulu wanga Danwell. Anatikweza lole mpaka kukhoti lalikulu ku Fotijemisoni, kumene lero amati Chipata. Ine anandimasula. Danwell anakamunyonga kutali, manda ake sitinawaone. Anasiya mkazi, Olipa NyaZimba, ndi mwana kumsana, Lilly. Chitatha chaka akuluakulu anakonza za chokolo, NyaZimba anakhala mkazi wanga. Ndi yemwe akusenda mtedza pakhondepa ndikulemba izi.

Nkhani imeneyi ndi yanga. Ndaifotokoza pamaliro, pamowa, pansolo. Kuyambira ku Magodi mpaka kwa anzathu a ku Kasungu amadziwa kuti ukafuna za mlandu wa kapitawo, pita kwa Ezron, ndipo usakhale ndi changu. Tsopano aTicha akulemba buku. Akuti si mbiri ayi, ndi nkhani yopeka koma yoimikidwa pa mlandu weniweni. Anapita mpaka ku Lusaka kukakopera mapepala a khoti. Ine ndinawafotokozera mpaka mawu anasasa. Alonjeza kuti sadzatumiza kwa osindikiza ngati ine, mwini banja, sindivomera.

Dzina la Danwell ndi lalitali. Ndizingolemba D.

Lachitatu, 3 Ogasiti

ATicha abwera panjinga. Ndinatulutsa mpando, ndinakonza kukhosi. Iwo, "Monire adada. Lelo ndabwelela amama."

Ndinaseka. Ndinawauza kuti ataya mphepo ya m'matayala pachabe. NyaZimba za mlanduwu salankhula. Ine ndikangoyamba kuti "Linali Lachisanu, mvula itangosiya," iye amanyamula keni ulendo wa kudimba. Zaka zonsezi.

Iye anasasa makoko a mtedza pachitenje, anayang'ana aTicha. "Osati pano. Ndidzabwera kwanu."

Osati pano. Pano pali chiyani? Pali ine.

Lachisanu, 5 Ogasiti

Wapita. Wavala chitenje chobiriwira chimene Lilly anamugulira, chija amasungira Mgonero. Wanyamuka mame asanaume, wabwera ng'ombe zikulowa m'khola.

Ndafunsa kuti mwakamba zotani tsiku lonse. "Zakale." Ndati zakale ziti. "Nkhuku mwazipatsa madzi?"

Sindinazipatse.

Loweruka, 6 Ogasiti

Akuimba. Chapansipansi, kuseri kwa nkhokwe. Nyimbo ija D. ankaliza pa kalimba. Sinamveke pakhomo pano chichokereni azungu.

Lamlungu, 11 koloko itadutsa, 7 Ogasiti

Titaweruka kutchalitchi ndinakhala pansolo ndi msuweni wanga Eston. Munthu ameneyu pakamwa pake anaiwala kuikapo chitseko. Mkazi wake amagulitsa tomato moyandikana ndi mkazi wa aTicha, ndiye za m'bukumo akuzidziwa kuposa ine.

"Msuweni, ndamva kuti m'bukumo ulimo."

Ndati ndingalephere bwanji, mwini nkhani.

"Ulimo ndithu. Akutcha Yakobe. Ukuoneka kawiri. Koyamba wagwirira mkulu wako njinga. Kachiwiri wagwiranso njinga yomweyo."

Onse anaseka, ndi adikoni omwe. Ine ndinaseka nawo, ndikanatani.

Ndiye Eston anaika mbewu zake m'maenje pang'onopang'ono, osandiyang'ana. "Chokolo chimakhala chobwereka, msuweni. Mwini wake wadzuka, watulukira m'makina a aTicha. Konzeka kubweza."

Anandidya masewero onse. Njira yobwerera ndinadutsa kumunda, kuti ndisakumane ndi anthu.

Lachiwiri, 9 Ogasiti

Ndapita ndekha kwa aTicha. Ndilembe bwino apa, osathamanga.

Andilandira bwino, tiyi wamkaka. Makina awo olembera ali pathebulo pafupi ndi windo chifukwa maso awo akutha, amawerenga pepala litagunda mphuno. Ndati ndiwerengereni. Awerenga.

D. wa m'bukumo sindikumudziwa. Ndi wamtali, chifuwa ngati chitseko, akalowa m'mudzi agalu amakhala chete. M'khoti akuyankha jaji mawu akuluakulu onena za nthaka ya makolo. D. wanga anali wamfupi, wamatewe, wampata pamano. Ankaopa achule. M'khoti sananene za nthaka, anangopempha madzi akumwa. Kapitawo uja D. anamumenya kamodzi ndi mpini, ndipo masiku onse a m'ndende ankandifunsa ngati munthuyo anali ndi ana.

Ndawauza zimenezi. Iwo akuti, "Adada, mapepala a khoti sanena kutalika kwa munthu. Pamene pepala lakhala chete ndi pamene ine ndimalowela." Ndati ine sindinakhale chete, ndinakuuzani zonse. Akuti zoona, koma owerenga amafuna munthu woti amulirire.

Ndikanapirira zimenezo. Ngakhale njinga ya Yakobe ndikanaipirira. Koma anatembenuza mpaka kumapeto.

Akuti m'mapepala a khoti munalembedwa kuti jaji atatha kugamula, mkazi wa womangidwa anaimirira nafuula, apolisi anamutulutsa. Jaji anafunsa kuti wati chiyani, womasulira ananena m'Chizungu, kalaliki analemba. ATicha awabweza mawuwo m'Chinyanja. Anawerenga ataimirira, dzanja pachifuwa:

"Ndisiyireni mmodzi yekha wangayo!"

Akuti buku lonse laima pa mawu amenewa. Mutu wake udzakhala womwewo, Mmodzi Yekha. Akuti atawapeza ku Lusaka analira, woyang'anira mapepala mpaka anawafunsa ngati akudwala.

Kufuulako ine ndinakumva tsiku lija. Mawu ake ayi. Wapolisi anali akumasula unyolo umene unalumikiza dzanja langa ndi la D., makutu anga ankangolira. Ndikamafotokoza nkhaniyi malo amenewa ndimawadumpha, ndimachoka pa jaji n'kufika pa lole. Palibe anandifunsapo.

Tiyi ndinamusiya theka.

Mmodzi yekha. Nanga ine zaka zonsezi ndakhala ndani pakhomo pano? Waganyu?

Lachinayi, 11 Ogasiti

Sindinapite kumunda. Ndakhala pansi pa mango ndi maganizo.

Tsiku la chokolo tinali amuna atatu oyenera, ine ndi ana awiri a abambo aang'ono. Tinaika ndodo zathu pamphasa, ife tinakhala cha uko. NyaZimba anatuluka atafunda kumutu, anawerama, anatola yanga. Amayi anaimba nthungululu. Ine mumtima ndinati wandisankha, ndipo ndakhala ndi mawu amenewo mpaka imvi.

Lero ndakumbukira. Ndodo ija anandisemera ndi D. Anadula ziwiri mumtengo umodzi, mitu yofanana. Ndiye anatola ndani pamphasa paja?

Tabereka ana, ena taika m'manda. Nditadwala chifuwa chachikulu anandinyamula pangolo mpaka ku boma. Zonsezo ndikuzidziwa. Koma munthu amasamalanso mbuzi imene anamusiyira malemu.

Masana anatenganso chitenje chobiriwira. Ndinati lero simupita. Anandiyang'ana nthawi yaitali.

"A Mtonga, nsanje yanuyi ndi ya aTicha, kapena ndi ya mtembo?"

Anapinda chitenje, anabweza m'sutikesi. Sanapite. Ndapambana, eti.

Loweruka, 13 Ogasiti

Ku msika wa Lundazi kukagula mchere ndi mpira wa pampu. Ndakumana ndi aTicha pa ogulitsa tinsomba ta kapenta. Ndawauza pomwepo, anthu akutikankha. Buku lisapite.

Anavula magalasi, anapukuta, anavalanso. Akuti, "Ndi Yakobe? Ndingamuonjezele, adada." Ndati si Yakobe. Akuti nanga ndi chiyani. Ndati mwini banja wakana, basi, munalonjeza. Anayamba kuti, "Mukadafunsa amama," koma anadzidula okha. Akuti zaka ziwiri akhala pa makina aja, ndipo maso sadzawalola lina. Kenako, "Ndinalonjeza. Ndisunga."

Anaiwala kapenta wawo pathebulo, mayi wogulitsa anachita kuwathamangira.

Ndimayesa ndimva kupepuka. Mpira wa pampu ndaiwala kugula.

Lolemba, 15 Ogasiti

Wamva. Sanakalipe. Madzi osamba akundiikira, chakudya akundipatsa atagwada mawondo onse awiri ngati mtengwa wa dzulo. "Yewo, a Mtonga." "Zikomo, a Mtonga." Ulemu wochuluka chonchi umapweteka kuposa mwano.

Kuimba kwasiya.

Lachitatu, 17 Ogasiti

Lilly wafika pa minibasi kuchokera ku Kasungu, ndi matumba ake a malonda. Mayi wamkulu tsopano, ali ndi zidzukulu. Mbiri inamupeza kumsika asanafike n'komwe pakhomo.

Anakhala pansi pafupi ndi mpando wanga monga ankachitira ali wamng'ono. "Adada, mwakaniranji?"

Ndati m'bukumo muli mabodza.

"Ine ngakhale bodzalo ndilibe. Chithunzi palibe, manda palibe. Amama ndikawafunsa amapita kudimba. Inu mukafotokoza mumanena za jaji, za lole, za nsabwe za m'ndende. Adada ondibereka nkhope yawo inali yotani, simunanenepo."

Adada ondibereka. Mwana ameneyu ndinamuphunzitsa kuyenda atagwira chala changa ichi. Ndinagulitsa ng'ombe kuti afike Fomu 2. Chibadwire wakhala akunditcha adada, popanda mchira. Lero mawuwo amera mchira.

D. wagona kumene wagona, sakulima, sakudwala, sakukalamba. Mkazi akumuimbira, mwana akumufuna, aTicha amutalikitsa. Munthu wamoyo ungapikisane naye bwanji?

Lachinayi, 18 Ogasiti

Eston wabwera kudzandiitana kunsolo. Ndamuuza kuti msana.

Lachisanu, 19 Ogasiti

Ndilemba zonse, ngakhale zitenge masiku.

Masana ndinamutsatira kudimba. Anali kuthirira repu. Ndinatenga keni ina, tinathirira mizere ingapo. Ndiye ndinaima. Ndinati NyaZimba, ndili ndi funso lochedwa. Akuti ngati lachedwa lifulumire, dzuwa likupita.

Ndinati mawu aja munafuula m'khoti. Ndinawanena monga anawerengera aTicha. Mmodzi yekha wangayo.

Anaika keni pansi. Ndimayesa alira. Anaseka. Anaseka mpaka anakhala pansi pa mzere, kuphwanya repu wake yemwe.

"Ndiye ndi zimenezi? Masabata awiri nkhope ngati mwamwa mankhwala a malungo, nkhuku kufa ludzu, ndi zimenezi? A Mtonga, ine Chizungu ndinachidziwira kuti? Jaji akulankhula ine sindinamve kanthu. Ndinangoona wavala kansalu kakuda kumutu, inu awiri muli m'bokosi, unyolo umodzi. Ndinati basi, onse apita. Kumudzi chimanga chosakolola, mwana akutsegula m'mimba, amayi anu osaona. Ndinafuula Chitumbuka changa. Munilekereko yumoza!"

Ndisiyireniko mmodzi. Mwa awiriwa, mmodzi.

Akuti womasulira uja anali wa kumwera, Chitumbuka ankachitola ngati khunkha. Anamva yumoza, zina anadzazamo yekha.

Ndinakhala pa chidebe. Ndinafunsa, ndikudziwa kuti ndi funso la chitsiru. Mmodzi uti?

"Aliyense! Mukuyesa ndinali ndi nthawi yosankha? Akanandisiyira wamatewe ndikanalandira. Anandisiyira wamakani, ndinalandira."

Sizinandikome. Ndilembe zoona, sizinandikome. Ndimafuna anene kuti inuyo. Koma munga uja unali pachifuwa unasuntha.

Ndinati ndiye tiwauze aTicha akonze. Akuti anawauza tsiku lomwe lija anapita kwawo. ATicha anagwira kumutu, anafuna kung'amba mutu wonse womaliza. Anawakaniza ndi iyeyo.

Ndinati chifukwa chiyani.

Apa sanasekenso. Anazula udzu, anautaya.

"Mkulu wanu ndinakhala naye mvula zitatu. Anali ndi chiyani? Kalimba ndi malaya awiri. Manda alibe. Inu munatenga mkazi, munatenga mwana, munatenga munda. Imfa yake yomwe mwamwera mowa kuyambira kuno mpaka ku Magodi. Sindinakuletseni. Tsopano munthu wina wamupatsa mawu anayi papepala, mawu oti ine sindinanene n'komwe, inu tulo osagona. Ngati mukuwafuna kwambiri sinthanani. Inu mukalowe m'bukumo, mutalike, agalu azikuopani. Iye abwere adzandithandize kuthirira."

Achule anayamba kulira kuchitsime, ndinakumbuka mmene D. ankadumphira.

Ndinati nanga ndodo. Akuti ndodo iti. Ndinati ya pamphasa, inali yofanana ndi yake.

"Yanu inali yong'aluka kumutu, munamanga ndi waya wa njinga. Kumanga kwake konyansa. Ndinafunda kumutu, a Mtonga, sindinafunde m'maso."

Ananyamuka, anasasa dothi. "Malizani mzere uwo."

Ndinamaliza.

Loweruka, 20 Ogasiti

Zadzulo ndamaliza kulemba lero masana. Ndodo ija ikadali kudenga. Ndaitsitsa. Wayayo ndi wonyansadi.

Lolemba, 22 Ogasiti

Tapita kwa aTicha ine ndi Lilly. Makina anali atawaphimba ndi nsalu ya pathebulo.

Ndati buku lipite. Mawu a kumapeto akhale mmene alili, mwini wake wanena. Anagwira dzanja langa ndi manja awiri, osalisiya. Ndati dikirani, sindinathe. Mumufupikitse.

"Adada, ngwazi yamatewe?"

Ndati yamatewe, yampata pamano, yoopa achule. Tinakangana mpaka tiyi anazizira. Iwo akuti achule ayi, achule aononga mutu wachinayi. Ine ndati popanda achule si mkulu wanga. Ndiye ndinafotokoza za tsiku lija chule analowa m'gamboti yake pa ukwati wake womwe, mmene anathamangira mwendo umodzi wosavala mpaka kwa apongozi. Nkhani imeneyi sindinaifotokozepo kwa munthu. Lilly anaseka mpaka misozi, kukamwa yasa, ndipo ndinaona mpata uja pamano pake. Ndauona tsiku ndi tsiku chibadwire chake. Ndinamuuza kuti ukafuna nkhope ya abambo ako tenga galasi, useke.

ATicha anavundukula makina. Achule alowa. Zoyankha jaji zija ndawasiyira, azilankhula za nthaka mmene akufunira. Koma kutalika ndamudula. Pamenepo sindinalole, m'moyo ndinkamuposa ndi mutu wonse.

Potuluka akuti, "Nanga Yakobe, timupatseko mau pang'ono?" Ndati musiyeni agwire njinga. Ali ndi kopita.

Tafika pakhomo dzuwa likadalipo. Lilly wapita kukamwetsa nkhuku. NyaZimba ali kuseri kwa nkhokwe, wayambanso, chapansipansi. Nyimbo ya Danwell. Ndime yachiwiri akuilakwitsa, waika mtsinje pamene pali phiri.

Ndisiye kaye apa, ndikamukumbutse.